Kodi Mlendo Akavomera Mtengo, Mlandu Watha?

Mai wina wa kwa Mlonyeni walandira uthenga kuti mwamuna wake, amene adagonekedwa pa chipatala ku Mchinji, amtumiza ku Lilongwe, ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central. Maiyo sadapondepo mu mzindawo chibadwire. Agulitsa thumba la mtedza, amanga ndalama pa nsonga ya chitenje, asenza kaufa ndi kapoto, nakwera minibasi m'bandakucha. Msewu wochoka ku Mchinji ngwa makilomita oposa 100, koma suvuta ayi: Kamwendo, Namitete, Msundwe, maina onsewa adawamvapo kale. Zovuta ziyamba pamene galimoto yaoloka mtsinje wa Lilongwe ndi kuima pa depoti. Pamenepo anyamata oitanira alikufuula maina a malo amene iye sawadziwa, njinga zamoto zilikudutsa uku ndi uku, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe womfunsa kuti wadzuka bwanji.

Tsono afika bambo wina wa nkhope yofatsa, woyendetsa takisi, nati, "Mulikupita kuti, amai? Bwerani kuno, musavutike." Maiyo atchula chipatala. Bamboyo ayang'ana mtolo uja ndi fumbi la ku mapazi, natchula mtengo wowirikiza kanayi umene akadauza munthu wa mu mzinda. Za minibasi yopita cha komweko pa ndalama zochepa satchula konse. Maiyo avomera, pakuti sadziwa ngati chipatala chili pafupi kapena patali. Amfikitsa bwinobwino pa chipata, ndipo iye athokoza moomba m'manja.

Nanga bamboyo wachimwa kapena sadachimwe? Funsoli si lachibwana, popeza pakati pa oyendetsa matakisi, makondakitala ndi akabaza alipo Akhristu ambiri amene amagwada nawo pa Misa tsiku la Mulungu, ndipo ena mwa iwo ndi ana a kwa Mlonyeni komwe.

Bamboyo ali ndi zodzikanira zake, ndipo ziyenera kumveka bwino asanaweruzidwe. Adzati takisi za mu Lilongwe zilibe makina owerengera mtengo. Mtengo ndi umene anthu awiri agwirizana. Sadamkoke maiyo, sadampisire m'chitenje, sadamtaye pa njira. Mafuta ngodula, mwini galimoto alikudikira ndalama zake madzulo, ana kunyumba alikudikira ufa. Ndipo adzamaliza ndi mau amene amamveka pa msika uliwonse: adavomera yekha.

Pa mau otsirizawa ndi pamene pagona nkhani. Kuvomera kuli ndi mphamvu ndithu, chifukwa popanda kuvomerezana palibe malonda, palibe ngakhale ukwati. Komatu kuti kuvomera kukhale kwenikweni pafunika zinthu ziwiri: kuti munthu adziwe chimene alikuvomera, ndiponso kuti akhale womasuka kukana. Mai uja adalibe zonse ziwiri. Sadadziwe kutalika kwa njira kapena mtengo wa masiku onse, ndipo mtima wake udali pa wodwala, kotero kuti kukana kudamthera. Kuvomera kotereku kufanana ndi kwa mwana amene wasinthanitsa nkhuku ndi siwiti. Mwanayo wakondwa, koma palibe mfumu ya mudzi imene ingati malondawo ngolungama. Papa Leo XIII, m'kalata yake ya 1891 yonena za antchito, adaphunzitsa zomwezi pa nkhani ya malipiro: wantchito akalandira malipiro operewera chifukwa cha umphawi kapena mantha, wachitidwa nkhanza ngakhale adavomera ndi pakamwa pake.

Thomas Woyera wa ku Aquino, amene adamwalira mu 1274, adasiyanitsa bwino zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Wogulitsa angathe kukweza mtengo ngati iye mwini alikutayapo kanthu pa malondawo. Choncho woyendetsa takisi salakwa kukweza mtengo mafuta akakwera, kapena njira ikakhala ya matope, kapena akaitanidwa pakati pa usiku. Koma sayenera kukweza mtengo chifukwa chongoona kuti wogulayo wapanikizika, pakuti kupanikizikako nkwa wogula, ndipo munthu sagulitsa chinthu chimene sichili chake. Bambo uja sadagulitse mafuta ochuluka kwa mai wa kwa Mlonyeni koposa amene akadagulitsa kwa kalaliki wa ku Capital Hill. Chimene adalipiritsa ndi umbuli wa maiyo ndi matenda a mwamuna wake. Muyeso wake ngwapafupi: mtengo umene munthu angautchule mokweza, anzake a mu mzinda alikumva, osachita manyazi, ndiwo wolungama. Umene autchula monong'ona atayang'ana kaye mapazi a wokwera uli pansi pa lamulo lachisanu ndi chiwiri, ndipo dzina lake ndi kuba.

Ena adzati mlendoyo ngopusa, akadafunsa. Nzoona kuti safunsa adadya phula, ndipo kuchenjera ndi umodzi wa makhalidwe amene Eklezia amawayamika. M'buku la Tobiti, nkhalamba ija isanalole mwana wake kupita ku Mediya, idaitana womperekeza, nimfunsa za mtundu wake, nipangana naye malipiro ulendo usanayambe. Wa ulendo wa ku Lilongwe achite chimodzimodzi: afunse mtengo kwa amene adapitako posachedwa, apangane asanakwere, asunge ndalama zing'onozing'ono padera, afike dzuwa lisanalowe, ndipo akasokera afunse amai ogulitsa pa msika, amene sapindulapo kanthu pa kusokera kwake. Adziwenso kuti manambala a madera a mu mzindawo satsatana monga mizere ya m'munda: Area 24 ili cha kumwera, Area 25 ili kutali kumpoto, ndipo wokwera basi poganiza kuti nzoyandikana adzagona ndi njala. Akatekisi angathandize kwambiri pofotokozera odwala ndi owadikirira zinthu zotere asananyamuke. Koma kusachenjera kwa wobedwa sikuyeretsa wakuba. Nyumba ikasiyidwa yosatseka, mwini wake walakwa pang'ono; wolowamo ndi kutenga mbuzi walakwa kwakukulu.

Makolo a ku Fort Manning, monga Mchinji inkatchedwa kale, adayendanso maulendo aatali, ku Salisbury ndi ku migodi ya Johannesburg. Koma kawirikawiri ankayenda m'magulu, ndipo pofika ankafunafuna wakwawo wowalandira ndi kuwaonetsa njira. Ku mudzi nako, mlendo wofunsa njira sangomlozera ndi chala. Amampatsa madzi, namperekeza mpaka pa mphambano, pokumbukira kuti mlendo ndi mame. Lilongwe idakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo pa kalembera wa 2018 idapezeka ndi anthu pafupifupi 1,000,000. Pa khamu lotere munthu amaganiza kuti amene wamnyenga lero sadzakomana nayenso, ndipo kawirikawiri zimaterodi. Ichi ndicho chiyeso chenicheni cha mu mzinda. Ambiri amene ankaoneka olungama ku mudzi ankangoopa maso a anansi. Maso aja atachoka, chilungamo chidachoka nawo.

Pali enanso pa depoti paja amene mlanduwu uwakhudza. Pamene mtengo unkatchulidwa, anthu adaima pafupi, naumva, natembenuza nkhope. Wina mwa iwo mwina adali ndi kolona m'thumba. Mau asanu okha akadakwanira: "Amai, minibasi yake ndi iyo." Adakhala chete poopa kukangana ndi woyendetsa takisi, kapena poti si m'bale wawo. Wansembe ndi Mlevi a m'fanizo la Msamariya sadamenye munthu, adangodutsa.

Koma anthu a kwa Mlonyeni asafulumire kuloza chala ku mzinda. Galimoto ya mlendo ikafa pa msewu wa Mchinji, mtengo wokankha umakwera molingana ndi kuwala kwa nsapato zake. Wochokera ku Chipata akaoloka pa Mwami asanazolowere ndalama za kuno, alipo omthandiza kuwerenga amene zala zawo zimaterera. Ndipo mlimi wodandaula za sikelo ya vendala nthawi zina ndi yemweyo amene adathira mchenga pansi pa thumba. Tchimo ndi limodzi, langosintha malaya.

Chotsala ndi kubweza. Eklezia amaphunzitsa kuti tchimo la kuba silitha ndi kuulula kokha. Wolapa ayenera kubweza zimene adatenga, monga adachitira Zakeyo. Apa woyendetsa takisi adzafunsa kuti abweze kwa yani, popeza maiyo sadziwa dzina lake kapena mudzi wake. Yankho nlakale: mwini wake akasowa atafunidwa moona, zobwezazo zipite kwa osauka. Ndipo bamboyo sadzavutika kuwapeza. Pa chipata chomwe chija chimene adatsitsa maiyo, m'mawa uliwonse pamatuluka amai ena osenza timitolo, ena ndi odwala awo ochira, ena okha, alikuwerenga ndalama za pa chitenje ngati zikwanira kufika ku depoti.