Kuona maso a nkhono n'kudekha

Nkhono ukaigunda imadzikokera m'chigoba. Amene amaona tinyanga take tikutuluka ndi yekhayo wokhala phee. Apa ndi pamene makolo anatola mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, pofuna kulangiza anthu a phuma.

Koma mwambiwu umawawa ukanenedwa pa benchi la kuchipatala. Mayi wa chotupa cha pakhosi wagulitsa mbuzi kuti apeze ya basi. Wafika m'bandakucha, buku la kuchipatala atalikulunga m'chitenje. Odikira ndi khwimbi, dokotala wa opaleshoni ndi mmodzi. Dzuwa likupendeka amulembera tsiku lina, miyezi ingapo kutsogolo, chotupacho chikukulirakulira.

Vutoli lili ndi mizu. Akatswiri ambiri a boma m'Malawi amapezeka m'zipatala zazikulu zinayi: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Sukulu ya udokotala ya College of Medicine inatsegulidwa mu 1991. Kale madokotala onse ankakaphunzira kunja. Dokotala akamaliza digiri amafunika zaka zinanso zingapo kuti akhale katswiri, ndipo ena akatero amakagwira ntchito kunja.

Azaumoyo sanangopinda manja. M'zipatala za m'maboma ma clinical officer ndiwo amachita opaleshoni amayi ovutika pobereka ndi kulunga mafupa othyoka. Mu 2017 ku Blantyre kunatsegulidwa Mercy James Centre, kumene ana amachitidwa opaleshoni.

Mayi uja wabwerera kumudzi. Tsikulo walisunga m'mutu, ndipo wayamba kale kuwerengera nkhuku zoti adzagulitse.