Kambewa ka pachilumba chimodzi



Pakati pa Australia ndi Papua New Guinea pali kachilumba kotchedwa Bramble Cay, kotalika mamita 3 okha kuchokera pamadzi a nyanja. Pamenepo pankakhala mtundu wa mbewa umene sunkapezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Nyanja itayamba kukwera chifukwa cha kusintha kwa nyengo, madzi amchere ankasefukira pachilumbapo n'kuumitsa zomera zimene mbewazo zinkadya ndi kubisalamo. Zinaoneka komaliza mu 2009, ndipo mu 2019 boma la Australia linalengeza kuti mtunduwo watheratu.

Wina angafunse kuti mbewa ndi yodandaulanso nayo? Timaphunzira kuti cholengedwa chilichonse, chachikulu kapena chaching'ono, chili ndi chizindikiro cha Mlengi wake. Dziko tinalilandira ngati chosungitsa, ndipo wosungitsidwa katundu amadzafunsidwa. Mtundu ukatha, palibe munthu angaubwezeretse.

Kuno ku Goliati nyanja tilibe, koma zilumba tili nazo. Timankhalango tachilengedwe totsala m'phiri la Thyolo ndi m'makwawa a m'minda ya tiyi tazunguliridwa ndi minda mbali zonse, ndipo zamoyo za mmenemo zilibe kothawira. M'nkhalango zotere mumakhala kambalame kamene akatswiri anakalemba m'mabuku mu 1927 n'kukapatsa dzina la boma lathu, Thyolo alethe. Kamapezeka m'mapiri ochepa a kumwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique basi, ndipo kali pangozi yakutha. Kutsidya kwa malire, paphiri la Namuli pafupi ndi minda ya tiyi ya Gurue, pali gologolo wa mtundu wakewake amene moyo wake wagona pa nkhalango ya phirilo.

Tikudziwa kuti pakhomo pamafunika nkhuni ndi ndiwo. Komabe moto umene timayatsa m'chilimwe posaka mbewa susankha potentha. Nkhalango ikapsa kapena kudulidwa, akasupe amaphwa, ndipo amayi ndi atsikana amayenda mtunda wautali kukatunga madzi. Choncho posamala kambalameko tikusamalanso mnansi wathu, ndipo kumeneko n'kutumikira Mulungu ndi ntchito.

Tiyeni tikambirane:

1. Ndi mitengo, mbalame kapena nyama ziti zimene agogo athu ankaziona kuno koma ife sitikuzionanso?
2. Kodi gulu lathu, pamodzi ndi achinyamata komanso amfumu, lingachite chiyani mvula isanagwe kuti moto wolusa uchepe ndiponso mbande za mitengo yachilengedwe zikonzeke?