KANCHENCHE KA MASO OYERA

Colengedwa cikabadwa cosafanana ndi anzace a mtundu wace, anthu sayamba afunsa kuti cinthuco cacitika bwanji. Amathamangira kufunsa kuti walakwa ndani. Nkhuku ikaswa mwanapiye wa nthenga zonyankhalala anthu amangoseka. Koma mkazi akabala mwana wa khungu losiyana ndi la makolo ace, m'mudzi mumayamba manong'onong'o, ndipo nthawi zina ukwati umathera pomwepo. Kodi kusiyana ndi mlandu? Ngati ndi mlandu, mwini wace ndani? Nkhaniyi yakambidwa pa mabwalo ambiri, koma iripo mboni ina imene siitanidwa cifukwa ca kucepa kwace. Mboniyo ndiyo kanchenche kamene kamaunjikana pa zipatso zobvunda.

M'dziko la Mfumu Kapichila, m'boma la Lundazi, mango amapsa mvula ikayamba, ndipo m'mwezi wa Disembala amagwa ambiri koposa amene anthu angathe kudya. Mwana atola cipatso cooneka bwino, aluma, napeza mphutsi m'kati. Paja akulu anati cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Mwanayo akayang'ana pansi pa mtengo aona tinchenche tating'ono ta maso ofiira tirikuuluka pa mango oola, ndipo pomwepo mlandu waweruzidwa: toononga mango ndi timeneti.

Komatu ciweruzo cimeneci ndi colakwa. Zimene anthu amazicha nchenche za zipatso ziri mabanja awiri akulu, ndipo banja liri lonse liri ndi mitundu yoposa 4,000. Banja loyamba anzeru amalicha Tephritidae. Nchenche zace ndi zokulirapo, zambiri ziri ndi mawanga m'mapiko, ndipo yaikazi iri ndi colasira kumbuyo kwace. Imaboola khungu la cipatso cabwinobwino ciri mumtengo, niikira mazira m'katimo. Mphutsi zikaswa zimadya mnofu, cipatso nicigwa, ndipo mphutsizo zimalowa m'nthaka kukasanduka nchenche. Mtundu wina wa banjali, wochedwa Ceratitis cosyra, ndi wa mu Africa momwemo. Wina, wochedwa Bactrocera dorsalis, unacokera ku Asia. Unayamba kuoneka ku Kenya m'caka ca 2003, ndipo pa zaka zowerengeka unafalikira m'maiko ambiri a Africa, ndi Zambia yemwe.

Banja laciwiri ndilo Drosophilidae, ndipo kanchenche ka maso ofiira kaja, kochedwa Drosophila melanogaster, kali m'banja limeneli. Utali wace ndi mamilimita atatu okha. Kalibe colasira, kotero sikangathe kuboola cipatso calunga. Kamadikira cipatso cigwe ndi kung'aluka, pakuti cakudya cace ndico cotupitsa cimene cimamera pa zinthu zoyamba kusasa. Ndico cifukwa cace kamapezekanso pa masese ndi pa mbiya za mowa. Kamafika zinthu zitaonongeka kale. Woononga weniweni amakhala atapita, ndipo mlandu umagwera amene wapezeka pamalopo. Munthu amene wafika pa maliro msanga sindiye wapha. Koma anthu akapsa mtima saikumbukira nzeru imeneyi.

Tsono kanchenche konyozekaka ndiko kanatsegulira anthu khomo la cinsinsi ca kubadwa. Kakakazi kamaikira mazira mazana angapo, ndipo pa nyengo yofunda dzira limasanduka nchenche yokhwima pa masiku khumi okha. Munthu wofuna kuona m'mene makhalidwe a makolo amatsikira kwa adzukulu ayenera kudikira zaka zambiri ngati ayang'ana ng'ombe. Koma akayang'ana tinchenche, aona mibadwo yoposa makumi awiri m'caka cimodzi. Cifukwa ca ici mphunzitsi wina wa pa Columbia University ku New York, dzina lace Thomas Hunt Morgan, anayamba kutiweta m'mabotolo a mkaka, natidyetsa nthoci.

M'caka ca 1910, pakati pa unyinji wa maso ofiira, anapeza kakamuna kamodzi ka maso oyera. Kuona maso a nkhono nkudekha. Munthu wina akadakataya kameneka nati ndi kacilema. Morgan anakasunga, nakakweretsa ndi tatikazi ta maso ofiira. Ana ace pafupifupi onse anabadwa ndi maso ofiira, ngati kuti kuyera kuja kwafa. Koma anawo atakwerana okhaokha, maso oyera anatulukanso mwa adzukulu. Morgan anawerenga 782 a maso oyera, ndipo onsewo anali aamuna.

Pamenepa panaoneka zinthu ziwiri. Coyamba, khalidwe likhoza kubisala m'thupi la kholo, osaoneka konse, ndi kudzatulukira m'mbadwo wa m'tsogolo, monga anaonera Gregor Mendel pa nsawawa zace kale m'zaka za m'ma 1860. Caciwiri, timbeu ta cibadwa, timene anzeru amati majini (si majini a mizimu ai), tiri ndi malo ace enieni pa tizingwe tating'ono ta m'kati mwa thupi tochedwa makromozomu. Kanchenche kali ndi tizingweto tisanu ndi titatu, tokhala tiwiritiwiri, ndipo mbeu ya mtundu wa maso iri pa kacingwe kamodzi mwa timene timalekanitsa camuna ndi cacikazi. Morgan analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1933. M'caka ca 2000 anzeru anatsiriza kuwerenga cibadwa conse ca kanchencheka, napeza majini ngati 14,000; ndipo anaona kuti mwa majini odziwika amene amadzetsa matenda kwa anthu, atatu mwa anai ali onse ali ndi anzao ofanana nao mwa kanchenche. Nzeru zonsezi zinayambira pa kamodzi kosiyana ndi anzace. Tonse tikadakhala ta maso ofiira, sipakadakhala poyambira, pakuti m'gulu la zinthu zofanana ndendende mulibe cimene munthu angacilondole.

Wina angaganize kuti kanchenche kameneka ndi ka ku America, popeza mbiri yace inamvekera kumeneko. Iai, kumeneko kanali kamlendo, ndipo kanayamba kuonekako m'zaka za m'ma 1870. Kwao kweni-kweni ndi ku Africa wa kumwera kwa cipululu ca Sahara. Akatswiri a pa University of Wisconsin, poyerekeza tinchenche ta m'maiko ambiri, anapeza kuti togwidwa ku Siavonga, m'mbali mwa nyanja ya Kariba m'Zambia, ndito tiri ndi kusiyana kwa cibadwa koculuka koposa tonse. Ndipo m'caka ca 2015 anafalitsa cibadwa ca tinchenche ta ku Siavonga pafupifupi 200. M'caka ca 2018 anzeru a pa Lund University ku Sweden anasimba kuti anatipeza m'thengo, kutali ndi midzi, ku mapiri a Matobo m'Zimbabwe, ndi kuti m'thengomo timakonda cipatso ca mfula, cimene ena amati marula. Iwo aganiza kuti tinazolowerana ndi anthu pamene a mtundu wa San anali kusunga mfula m'mapanga. Pambuyo pace tinatsata anthu, ndipo zaka ngati 10,000 zapitazo, kapena kuposerapo, tina tinatuluka m'Africa.

Nanga ncifukwa ninji kusiyana kumaculuka kwao kwa cinthu? Mlimi wa kwa Kapichila angayankhe yekha. Nkhokwe za pamudzi wakale zimasunga mbeu za mitundumitundu: cimanga ca makolo, nshawa zazikulu ndi zazing'ono, nyemba, mapira ndi maungu. Banja losamuka limangotapa dengu limodzi, ndipo kumene likupitako lidzabzala zokhazo zimene zinalowa m'dengumo. Momwemonso tinchenche timene tinafika ku Ulaya ndi ku America tinatenga gawo cabe la cuma ca mtundu wao. Nkhokwe inatsala kwao. Ndipo mlimi adziwa cifukwa cace sabzala mbeu imodzi yokha: caka ca cilala ina ipsa, ina nipirira. Mtundu wa zamoyo umapulumuka mwa njira yomweyo. Tinchenche ta ku mapiri ozizira a Ethiopia ndi takuda ndi tokulirapo kuposa ta ku cigwa. Ndipo mankhwala a DDT atabwera, tina tinali ndi cibadwa cotha kuwapirira. Cimene cioneka cacilendo lero cikhoza kukhala cimene cidzaombola mtundu mawa.

Koma munthu woganiza bwino angatsutse nati, kodi kusiyana konse ndi kwabwino? Iai, si konse. Hermann Muller, wophunzira wa Morgan, anaonetsa m'caka ca 1927 kuti kuwala kwa X-ray kumasintha majini a tinchenche, ndipo kusintha kwambiri kotero kumalemaza kapena kupha. Ngakhale kanchenche ka maso oyera sikaona bwino monga anzace. Ndiponso nchenche yocokera ku Asia ija imasautsadi alimi, ndipo palibe colakwa kuithira nkhondo: kutola zipatso zakugwa ndi kuzikwirira m'dzenje lakuya, kapena kuzimanga m'thumba lakuda la pulasitiki ndi kuliika padzuwa kuti mphutsi zife, ndi kuchera misampha ya fungo lokopa zazimuna. Koma payenera kusiyanitsidwa zinthu ziwiri. Nchenche ya m'mango imathiridwa nkhondo cifukwa ca nchito zace, zimene munthu angazione ndi kuzitsimikiza. Si cifukwa ca maonekedwe ace kapena kumene inacokera. Ndipo kusiyana kumene kumabweretsa kufooka m'thupi kumafuna cithandizo, sikufuna cilango, pakuti palibe colengedwa cimene cinasankha mbeu zobadwa nazo.

Apa ndipo nkhani ya kanchenche ifika pakhomo pa anthu. M'midzi ya kum'mawa kwa Zambia ndi ya m'Malawi mumabadwa ana acialubino, a khungu loyera ndi tsitsi lofiirira, makolo ao onse awiri ali akuda. Kawirikawiri mlandu umagwera mai: ena amati anayenda ndi mlendo, ena amati anaswa mwambo ali ndi pakati. Koma lamulo lija la khalidwe lobisala liyankha mosakondera. Njira yace si yofanana ndendende ndi ya maso oyera a kanchenche, amene aamuna aja anawalandira kwa amao, amaonso atalandira kwa atate ao. Cialubino ca khungu cimaoneka pokhapokha mwana akalandira mbeu yace kwa bambo ndi kwa mai, onse awiri. Ndipo makolo otero, pa mimba iri yonse, mwai wobala mwana wacialubino ndi umodzi mwa inai. Motero mwamuna wothamangitsa mkazi wace pa cifukwa cimeneci akuthamangitsa theka cabe la mbeuyo. Theka lina liri m'thupi mwace, ndipo analilandira kwa makolo ace omwe amawalemekeza.

Mwana wotero ali ndi zosowa zace zoona. Khungu lace liribe utoto wochinjiriza ku dzuwa, kotero afunika cipewa, zobvala zofunda mikono ndi mafuta oteteza khungu, kuti angadwale khansa. Maso ace saona patali, kotero afunika kukhala patsogolo m'sukulu. Zimenezi ndizo nchito za abale ndi za mudzi. Koma bodza lakuti mafupa ace ali ndi mankhwala a cuma laphetsa anthu osalakwa. Ku Malawi kupha ndi kuba anthu otere kunakula kuyambira kumapeto kwa 2014, ndipo m'Zambia namonso milandu yotere yamveka. Bungwe la United Nations linapatula tsiku la 13 Juni kukhala lokumbukira anthu acialubino, ndipo linayamba kusungidwa m'caka ca 2015. M'mafupa mwao mulibe cimene sicipezeka m'mafupa a munthu wina ali yense. Kusiyana konseko kuli pa mbeu imodzi mwa majini ngati 20,000 amene munthu ali nao.

Kotero kusiyana si mlandu, ndipo kulibe mwini woti aimbidwe. Ndiyo njira imene moyo umayendera, mwa nchenche, mwa cimanga ndi mwa anthu. Cimene cingakhale mlandu ndico cocita munthu akakumana nako: kuweruza asanafufuze, kukankhira wofooka cifukwa, kapena kusandutsa mnzace malonda. Morgan anali ndi mphamvu yakuphwanya kanchenche kaja ndi cala cimodzi, ndipo palibe akadamfunsa. Anasankha kuyang'anitsitsa ndi kufunsa kuti zatheka bwanji. Ngati kanchenche ka pa nthoci yoola kanayenera kudekha kotero, koposa kotani mwana wa munthu! Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo mudzi umene usunga ana ace onse, ofanana ndi osiyana omwe, ndiwo uli ndi nkhokwe yodzaza.