Mfundo zofunika pa moyo wa Ashleigh Buhai, katswiri wa gofu

Ambiri gofu timangomuonera patali, podutsa m'mbali mwa bwalo la kapinga wometedwa bwino. Lamulo lake lalikulu ndi losavuta. Umamenya kampira ndi ndodo mpaka kalowe m'kadzenje, maenjewo alipo 18, ndipo wapambana ndi amene wamenya kochepa kuposa anzake onse. Pa mipikisano ikuluikulu amazungulira bwalolo masiku anayi. Mukadziwa zimenezi, nkhani ya Ashleigh Buhai wa ku Johannesburg muimva bwino, ndipo ndikukhulupirira kuti mupezamo kanthu ngakhale ndodo ya gofu simunaigwirepo.

1. Mwana waluso tisamusenzetse katundu wa akuluakulu.

Mu 2004, mtsikana wa zaka 14, amene pa nthawiyo ankadziwika ndi dzina la kwawo lakuti Ashleigh Simon, anapambana mpikisano wa South African Women's Open. Anagonjetsa amayi amene gofu inali ntchito yawo, iye akadali m'gulu la osewera osalandira ndalama, moti mphoto ya ndalama sanaikhudze. Mu 2006 iye pamodzi ndi Stacy Bregman ndi Kelli Shean anapatsa dziko lawo chikho cha Espirito Santo ku Stellenbosch, chimene matimu a mayiko amalimbirana. Mu 2007 anatenganso South African Women's Open. M'mera mpoyamba, n'zoonadi. Koma ife akuluakulu tili ndi vuto: mwana akangosonyeza luso, timayamba kumuwerengera zikho zimene sanazione n'komwe, ndipo akachedwa kuzibweretsa timati wabwerera m'mbuyo. Kumeneko ndi kumulakwira. Luso la mwana ndi loti tilisamale, si ngongole yoti atibwezere.

2. Zaka zapakati, zimene palibe amaziwombera m'manja, ndizo zimaumba munthu.

Atangokwanitsa zaka 18, mu May 2007, analowa gofu wa ndalama. Pa mpikisano wake wachitatu wokha, Catalonia Ladies Masters ku Spain, anapambana. Kenako zinthu zinayamba kuyenda pang'onopang'ono. Chikho china cha ku Ulaya chinabwera mu 2011 ku Portugal, china mu 2018 kwawo. Ku America, ku LPGA kumene kumakumana akatswiri enieni a dziko lonse, anasewera mipikisano yoposa 200 osapambana ndi umodzi womwe.

Tiime kaye apa, chifukwa anthu ambiri sadziwa kuti ntchito imeneyi ilibe malipiro a pamwezi. Tikiti ya ndege umagula wekha, kogona umalipira wekha, wokunyamulira thumba la ndodo umamulipiranso. Pa mipikisano yambiri, masiku awiri akatha, pafupifupi theka la osewera amadulidwa n'kubwerera chimanjamanja. Lachisanu madzulo umalongedza zovala, mawa lake uli pabwalo la ndege, sabata yamawa uyambirenso kwina. Tangoganizani kuchita zimenezi chaka ndi chaka, uku atsikana amene anabadwa iwe utayamba kale kusewera akukudutsa, uku kumudzi anthu akukumbukabe kuti unali mwana wodabwitsa uja. Kumbali yanga, zaka zimenezi ndimazilemekeza kuposa chikho chilichonse chimene anadzanyamula. Mphunzitsi amene wakhala pasukulu imodzi yakumidzi zaka khumi osakwezedwa, namwino amene dzina lake silitchulidwa pa msonkhano uliwonse, akudziwa bwino kulemera kwake kwa kudzuka m'mawa n'kukachitanso ntchito mwaluso popanda wokuona.

3. Kufika pafupi n'kulephera si kutaya nthawi.

Mu 2019 ku Woburn, England, anatsogola pa Women's British Open masiku awiri oyamba, tsiku lomaliza n'kusewera limodzi ndi Hinako Shibuno wa ku Japan. Shibuno ndiye anapambana, Ashleigh anathera pa nambala 5. Zinapweteka, koma anadzionera yekha mmene manja amanjenjemerera pamalo amenewo.

4. Kupempha thandizo si kufooka.

Kumayambiriro kwa 2022 anayamba kugwira ntchito ndi Duncan McCarthy, mphunzitsi wa kakhazikitsidwe ka maganizo pa masewera. Manja ndi mapewa zinkadziwa kale ntchito yake. Chimene ankafuna chinali kuphunzira kuika mtima pa kampira kamene kali patsogolo pake, osati kamene kalakwika kale kapena chikho chimene chili kutsogolo. Munthu wa zaka zoposa 30, amene anayamba kupambana ali mwana, kuvomera kuti pali chimene sakudziwa, pamafunika kudzichepetsa. Ambiri tikadwala mutu timathamangira kuchipatala, koma mtima ukamaguguda ndi mantha timabisa.

5. Ukagwa pagulu, nkhani sinathe.

Pa 7 August 2022, ku Muirfield m'dziko la Scotland, Ashleigh anayamba tsiku lomaliza la Women's British Open uja, amene tsopano ankatchedwa AIG Women's Open, ali patsogolo ndi mikwapulo isanu. Mpikisanowu ndi umodzi mwa isanu yaikulu kwambiri pa gofu wa amayi. Dzulo lake anali atazungulira bwalo lonse ndi mikwapulo 64 yokha. Zonse zinkaoneka kuti zatheka mpaka anafika pa dzenje la 15. Kampira koyamba kanagwera m'dzenje la mchenga. Potulutsa, kanakalowa m'udzu wautali. Kumenyanso, kanangosuntha pang'ono. Pamalo pofunika kumenya kanayi anamenya kasanu ndi kawiri, ndipo kutsogola konse kuja kunatheratu pamaso pa khamu la anthu ndi makamera.

Apa ndi pamene ambiri timatayira ndodo. Timati basi, si zanga, ndinalodzedwa, n'kuwononganso ndi zotsala zomwe. Iye anapita pa dzenje la 16 n'kusewera monga mwa masiku onse, 17 chimodzimodzi, 18 chimodzimodzi. Anamaliza atafanana mphamvu ndi Chun In-gee wa ku South Korea, mayi amene anali atapambana kale mipikisano yaikulu itatu. Anawatumiza kukabwereza dzenje la 18 mpaka wina agonje. Koyamba anafanana, kachiwiri anafanana, kachitatu anafanana, kunja kukuda, mphepo ya kunyanja ikuzizira.

6. Chimene umachiphunzira kuseri chidzakuwombola poyera.

Pobwereza kachinayi, kampira ka Ashleigh kanagweranso mu mchenga, pafupi ndi kadzenje. Womunyamulira ndodo, Tanya Paterson, anamukumbutsa kuti chaka chimenecho palibe ankamuposa pa LPGA potulutsa mpira mu mchenga. Anazika mapazi, n'kumenya mchenga wa kumbuyo kwa mpira monga zimafunikira. Mchenga unawazika, kampira kanauluka n'kugubuduka mpaka kukaima pafupi kwambiri ndi kadzenje. Anangokagunda pang'ono, kanalowa. Mwamuna wake David Buhai, amene kale ankamunyamulira ndodo koma sabata imeneyo ankanyamulira wosewera wina, anathamangira pabwalo kukamukumbatira. Ashleigh anali ndi zaka 33. Luso la mu mchenga limenelo silibwera tsiku la mpikisano, limabwera ndi maola ambirimbiri oimirira m'dzenje lophunzirira popanda woonerera. Ndipo chitseko chitatseguka sichinatsekekenso: mu December 2022 anapambana Australian Open, mu 2023 South African Women's Open kachinayi, ShopRite LPGA Classic ku America, ndi Australian Open kachiwiri.

7. Tizidzifunsa kuti ndani akadali panja pa mpanda umene tinamanga ife.

M'makalabu, m'makomiti, m'mabanja mwathu, pali miyambo imene timaisunga chabe chifukwa tinaipeza. Kalabu ya ku Muirfield, Honourable Company of Edinburgh Golfers, inayamba mu 1744, ndipo kwa zaka zoposa 270 sinkalandira mkazi kukhala membala. Mu 2016 anavota, mavoti ofuna kusintha sanakwane, ndipo bungwe loyang'anira gofu la R&A linawauza kuti mpikisano waukulu wa amuna wa The Open subweranso kumeneko. Mu 2017 anavotanso n'kuvomera, ndipo amayi oyamba analowa mu 2019. Kuchedwa kumeneku kumandiwawa, chifukwa kunamana mibadwo ya amayi aluso mwayi umene amuna anali nawo kalekale. Gary Player wa ku South Africa anapambana The Open pabwalo limeneli mu 1959, Ernie Els mu 2002. Mpikisano waukulu wa amayi unafika pamenepo koyamba mu 2022, ndipo Ashleigh, poupambana, anakhala mkazi wachiwiri wa ku South Africa kutenga chikho cha msinkhu umenewu, pambuyo pa Sally Little.