Kontena yonse idikire kaye

Khala apa, mdzukulu wanga. Ndamva kuti ukuitanitsa katundu ku Guangzhou, ndipo mtima wako uli pa kontena yonse. Kuthamanga sikufika.

Kontena ya mafiti 20 imameza katundu wa makiyubiki mita pafupifupi 33. Nsapato zako zija ndi timapoto sizingadzaze ngakhale pakona. Eni sitima safunsa ngati yadzaza, mtengo ndi womwewo. Udzalipirira mphepo.

Yamba ndi kusonkherana. Ejenti amaphatikiza katundu wa amalonda ambiri m'kontena imodzi, aliyense n'kulipira malo amene makatoni ake atenga. Mutu umodzi susenza denga. Komatu njira imeneyi imafuna kudekha. Kontena sinyamuka isanadzaze, ndiye udzadikira anthu amene sunawaonepo n'komwe. Ndipo nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Wina akalemba zovala pamapepala pamene m'katoni muli mafoni, a kasitomu pa Songwe kapena pa Mwanza angathe kugwira kontena yonse. Katundu wako wosalakwa adzagona pomwepo, Khirisimasi n'kudutsa, ogula n'kupita kwa ena. Manja ogwira makatoniwo ndi ambirinso. Katoni ya makapu imapsinjidwa ndi injini ya munthu wina. Uwauze amene akukugulitsa katunduwo amange zolimba, alembe dzina lako mbali zonse, akutumizire chithunzi asanapakire.

Safunsa anadya phula. Ejenti akakutchulira mtengo wokoma, umufunse ngati ndi wofika nawo ku Limbe kapena wothera padoko la Beira. Umufunse za kutsitsa, za kusungira katundu, za mapepala. Ambiri tawaona akulira pamenepa.

Tsiku lidzafika pamene katundu wako adzayandikira theka la kontena. Pamenepo tenga cholembera uwerengere, chifukwa kawirikawiri yonse imayamba kutchipa. Amaitseka uko, muli zako zokha, sudikiranso munthu. Koma walira mvula, walira matope. Chibokosicho si chako, n'cha eni sitima. Amakupatsa masiku owerengeka oti uchotse katundu n'kuchibweza, kaya ku Nacala kaya ku Dar es Salaam. Akatha masikuwo amalipiritsa tsiku ndi tsiku, m'madola. Ndiye ndalama ya msonkho wa MRA ndi ya lole uziike pambali sitima isanakocheze, ndipo usazibwereke kwa akatapila.