Khutbah ya Jumu'ah: Thupi ndi Amanah

Kuyamikidwa konse nkwa Allah, Mwini nthawi ndi Mwini rizq. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake. Akapolo a Allah, ndikudzilangiza ndekha pamodzi ndi inu kuti timuope Allah.

Abale anga Asilamu, chiyambire 2011 pamene mgodi waukulu wa malasha udatsegulidwa ku Moatize, ambiri mwa ife tikulawirira kusanache ndi kubwerera ana atagona. Pa chipata cha Zóbuè madalaivala amagona m'malole podikira mapepala olowera ku Mwanza, ndipo amayi amakhala pamsika kufikira mdima. Ena akukakamizidwa ndi malipiro ochepa, ngongole ndi achibale owayang'anira. Ena akuopa kuchotsedwa ntchito akakana ovataimu. Koma alipo amene zakudya zidakwana kale, mtima wokha ndiwo sukhuta.

Lamulo la ntchito la Mozambique limaika maola 48 pa sabata. Mu 2021 mabungwe a WHO ndi ILO adalengeza kuti m'chaka cha 2016 anthu 745,000 padziko lonse adamwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira maola 55 kapena kuposerapo pa sabata.

Ziwerengero zotere zimayambira pakhomo panu. Wakalembera amafunsa maola amene mwagwira m'masiku asanu ndi awiri apitawo, nalemba zimene mwayankha. Dalaivala amaiwala usiku umene adadikira pachipata, waganyu satchula ntchito yake yachiwiri, mayi wotunga madzi ndi kulima amati sagwira ntchito, ndipo wina amachepetsa maola poopa bwana. Tsono kutopa kumene sikudalembedwe, olamula sakuona. Akalembera akafika, nenani zoona, pakuti yankho lanu ndi umboni, ndipo Msilamu sabisa umboni.

Kumbukirani Salman al-Farisi pamene adapeza Abu Darda akusala usana ndi kuswali usiku mpaka kunyalanyaza mkazi wake. Adamukumbutsa kuti Mbuye wake, thupi lake ndi banja lake, aliyense ali ndi gawo lake pa iye, ndipo Mtumiki adavomereza mawuwo. Ngati malire alipo ngakhale pa ibada, nanga bwanji pa ndalama?

Inu olemba anthu ntchito, musawasenzetse zimene sangathe, lipirani maola owonjezera mokwanira, ndipo amasuleni pa nthawi ya Jumu'ah. Inu antchito, kufunafuna halal ndi ibada, koma dalaivala wosinza pa chiwongolero wanyamula miyoyo ya ena m'manja mwake. Maola amene kalembera sadawalembe, angelo adawalemba, ndipo pa tsiku la Qiyama tidzafunsidwa za moyo wathu kuti tidauthera pa chiyani.

E, Allah! Dalitsani rizq lathu, tichotsereni goli la ngongole, ndipo abwezeni kwawo amoyo onse amene ali mumgodi ndi pamsewu. Ameen.