Kuchoka si tchimo, nanga lonjezo?

Timu yathu ya basketball ku koleji ikungogonja, moti anzathu atatu asamukira ku timu ya m'tauni yomwe imapereka kangachepe. Nanenso andiitana. Ndili kwathu kwa Zulu ku Mchinji pa holide, mutu uli balala: kodi kuchoka n'kusakhulupirika?

Ku madrasa tinaphunzira kuti Mtumiki (SAW), posamuka ku Makka kupita ku Madina mu 622, anasiya Ali (RA) kuti abweze katundu amene anthu anawasungitsa. Anachoka ndithu, koma za eni anabweza.

Ine ndinalonjeza kochi kuti ndimaliza sizoni ino. Lonjezolo ndi amana. Ndimaliza kaye, inshaAllah, kenako nditsanzike bwino. Inu mukanatani?